Galu wayamba kugona m'chipinda mwa mlongo wanga, amayi akuti achoke

Nabanda wa ku Domwe:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere, ndikupempha nzeru makamaka kwa akuluakulu. Mlongo wanga wamng'ono anali ku tropa, kuusilikali, anamutumiza kunkhondo ku Cabo Delgado, cha ku Macomia. Anabwerako chaka chatha thupi lili bwinobwino, alibe ndi chipsera chomwe. Koma munthuyo si uja tinamuperekeza pokwera chapa. Usiku sagona. Amakhala tsonga pamphasa, msana atatsamira khoma, maso kuchitseko, nsapato zili kuphazi. Akati wagonako pang'ono amabwebweta, n'kudzuka thukuta lili kamukamu. Pichesi likagwera padenga la malata amadziponya pansi. Tsiku la msika satuluka n'komwe.

Pakhomo pali galu wa amayi, dzina lake Mudzatopa, galu wamba wa m'mudzi, wofiirira, khutu limodzi lakugwa. Chiyambire nyengo yozizira galuyu anayamba kugona pachitseko cha chipinda cha mnyamatayo, kenaka mkati mwenimweni. Galu akakhala mkati, mlongo wanga amavula nsapato n'kugona mpaka tambala. Ndinaziona ndi maso anga nditapita kumudzi. Akayamba kubwebweta galu amadzuka n'kumamunyambita dzanja, iye n'kutsitsimuka, kumugwira pakhosi, basi n'kugonanso.

Vuto ndi amayi. Akuti galu m'nyumba n'zamanyazi, anthu ayamba kale kunena kuti mwana wawo mutu sukugwira, ena akuti anabwera ndi zizimba. Kuwonjezera apo galuyo wadya mazira a nkhuku yofungatira. Akuti amupereka kwa atsibweni ku Tsangano mwezi uno usanathe. Ine ndili kuno ku Tete kuntchito, pafoni sakundimvera. Nditani abale?

Sapota wa Chingale:
Mana, pepani ndi zomwe zikuchitikazo, koma tisanamizane. Galu ndi galu. Malo ake ndi panja, ntchito yake kuuwa akuba ndi kupirikitsa akalulu. Zogona ndi agalu m'nyumba n'za azungu a kumigodi ku Moatize. Mnyamatayo mupite naye kwa odziwa akamusambitse, nkhani ithe.

Dalaiva wa Zobwe:
Galu wodya mazira sasiya, pamenepo ndikuwavomereza amayi. Koma dzinalo abale! Mudzatopa ankauzidwa ndani? 😂

Nabanda wa ku Domwe:
Mayi ena omwe ankalimbana nawo za malire a dimba. Musandiseketse achimwene, mtima uli m'mwamba kuno.

Nambewe, wa zaumoyo ku Moatize:
Achemwali, mwachita bwino kulankhula. Ine ndimagwira ntchito kumbali ya matenda a maganizo. Sindingamuyeze munthu ndisanamuone, koma zomwe mwafotokozazi timaziona kawirikawiri kwa anthu omwe anaona imfa ili pafupi, ndipo pakhadi timalemba kuti stress pós-traumático, ena amati PTSD. Zizindikiro zake ndi zomwezo: maloto oopsa, zomwe zinachitika kumabwereranso m'maso masanasana, kuthawa malo kapena phokoso lokumbutsa, kudzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, kupsa mtima msanga, kusowa tulo. Zikapitirira mwezi zikumulepheretsa munthu kukhala bwino, m'pamene timati ndi matenda. Si misala ayi, komanso si ulesi.

Thupi lake lili ngati mlonda amene sanauzidwe kuti kwacha. Nkhondo inatsala ku Macomia koma iye akulonderabe. Ndiye galu akalowa m'chipinda, ulonda uja amaulandira ndi galu. Mnyamatayo akudziwa kuti galu amamva msanga kuposa iye, ndipo galu akagona phee ndiye kuti panja palibe kanthu. N'chifukwa chake nsapato zikuvulidwa. Ine ndikadakhala inu, galuyo sindikadamuchotsa panopa.

Koma ndikufunseni zinthu ziwiri, mukhoza kuyankha kuno kapena kumbali. Akumwa? Ndipo anayamba wanenapo zoti kuli bwino kufa?

Nabanda wa ku Domwe:
Zofuna kufa sindinamve. Nipa ankamwa kwambiri atangofika, akuti kuti agone. Panopa wachepetsa ndithu.

Aphunzitsi a ku Tsangano:
A Sapota, nkhaniyi anthu anaifufuzako, si maganizo a azungu chabe. Ku America kuli asilikali ambiri obwera ku nkhondo za Iraq ndi Afghanistan omwe amapatsidwa agalu ophunzitsidwa. Mu 2024 ofufuza a pa yunivesite ya Arizona anatulutsa zomwe anapeza atatsatira asilikali opuma 156. Ena anali atalandira agalu, ena anali akadali pamzere kudikira. Patatha miyezi itatu, olandira agalu aja zizindikiro zawo zinali zochepa poyerekeza ndi odikirawo, nkhawa ndi kukhumudwa komwe. Chithandizo chawo cha kuchipatala sanasiye, galu anangowonjezera pamwamba.

Ku Japan nakonso mu 2015 anayeza mkodzo wa agalu ndi eni ake asanayang'anane ndi atayang'anana nthawi yaitali. Anapeza kuti oxytocin imakwera mwa onse awiri, munthu ndi galu. Imeneyi ndi ija imathandiza mayi ndi khanda kuzolowerana. Atayesa ndi mimbulu yoleredwa ndi anthu sizinachitike.

Sapota wa Chingale:
Aphunzitsi, agalu a ku America amapita kusukulu, amadya nyama ya m'chitini, ali ndi dokotala wawo. Mukuwayerekeza ndi Mudzatopa wodya mkute ndi mazira akuba?

Aphunzitsi a ku Tsangano:
Ambiri mwa agalu amenewo bungwe lowaphunzitsa, K9s For Warriors, limawatenga kumalo osungira agalu otayidwa. Si a mtundu wachifumu. Zoona amawaphunzitsa, kudzutsa munthu akamalota zoopsa, kuima kumbuyo kwake pamalo a anthu ambiri, kumutsamira nkhawa ikamukwera. Koma ofufuza a pa yunivesite ya Purdue mu 2020 atawafunsa eni ake chomwe chimawathandiza kwambiri, zosaphunzitsidwa zija, kukhala limodzi ndi kukondedwa popanda kuweruzidwa, anaziika pamwamba kuposa zophunzitsidwa. Zimenezo Mudzatopa anabadwa nazo. Ndipo zodzutsa munthu kumaloto mwamva nokha kuti wadziphunzitsa yekha.

Mdala wa ku Furancungo:
Ana inu, ndakhala ndikuwerenga, foni yanga ndi yochedwa komanso maso atha. Ndiloleni ndinene zanga.

Ife tinathawa nkhondo mu 1986. Tisanawoloke kupita ku Dedza tinakhala kaye m'phiri, usiku kugona m'mapanga, masana kutsikira kumunda mozemba. Chomwe achinyamata simuchidziwa n'chakuti agalu athu tinawapha tokha. Atambala nawonso. Galu akauwa kapena tambala akalira, anthu a mfuti ankadziwa pomwe mwabisala. Wanga ndinamumangirira ndekha pamtengo kutsidya kwa mtsinje, sindinena zambiri. Ndiye mukaona nkhalamba ya kuno ikuingitsa galu mwaukali, musafulumire kunena kuti ndi yankhanza.

Achimwene anga aakulu anagwidwa panjira, anawasenzetsa katundu zaka ziwiri. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992 tinayamba kubwerera, iwo anatulukira chaka chotsatiracho. Mwambo tinachita wonse. Sanalowe m'nyumba asanasambe mankhwala, zovala zomwe anabwera nazo zinatenthedwa, nsembe inathiridwa kuuza makolo kuti mwana wabwera. Zimenezo zinathandiza, a Sapota sakunama. Mudzi unawalandira, palibe ankawaloza chala. Koma usiku unali wawo okha. Ankakuwa mpaka ana kuthawira kwa aneba.

Chinawakhazika pansi ndi nkhunda. Mlamu wathu wa ku Ntcheu anawapatsa ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Anamanga khola pamitengo inayi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi zenera lawo. M'mawa uliwonse ankakhala pachitsa ndi lichero la mphale, nkhunda kutera pamapewa, pamutu, iwo ali duu. Munthu amene sankalankhula ndi mkazi wake yemwe ankalankhula ndi nkhunda. Tsiku lina ndinawafunsa, anangoti, izi sizindifunsa kuti kunali bwanji. Komanso anati zikakhala zili phee m'khola ndiye kuti kunja kulibe munthu.

Sanachire kwathunthu, ndisakunamizeni. Mpaka kumwalira kwawo makombola a chaka chatsopano ankawatsekera m'nyumba. Koma analima, analera ana, anakwatitsa. Nabanda mwana wanga, galuyo asachoke. Koma amayi akowo uwalankhule mwaulemu, nawonso anathawapo.

Dalaiva wa Zobwe:
Galu wamkota sakandira pachabe. Zikomo madala, ndasiya nthabwala.

Sapota wa Chingale:
Apa ndiye ndamva. Komabe ine m'nyumba mwanga salowa.

Mayi a Mapasa, Chingodzi:
Inunso a Sapota palibe wakupemphani 😄

Kwathu kuno zinali za madzi. Mu March 2019 Revubwe anasefukira usiku tili m'tulo, tinadzuka madzi ali m'mawondo, tinatuluka ndi ana okha m'manja. Mu January 2022 namondwe Ana uja anabweretsanso madzi mpaka kudula mlatho. Mtsikana wanga wamkulu panthawi yoyambayo anali wamng'ono, koma kuchokera pamenepo mvula ikangoyamba kuwaza padenga usiku ankanjenjemera, kukodza pogona, kufuna tonse tituluke tikakwere kumtunda. Kumumenya sindinamumenye koma kukalipa ndinakalipa, osathandiza.

Mphaka anabwera yekha, kamwana kowonda kotsatira fungo la nsomba za chicoa. Ndinkafuna kukathamangitsa, mukudziwa zomwe anthu amanena za amphaka. Mwana anakakamira. Pano mvula ikayamba amakatenga n'kukaika pachifuwa mkati mwa bulangete, kaja kamachita kaphokoso ka pakhosi kaja, mwana n'kumawerenga mpweya wake mpaka tulo. Aneba ena anandinena ndithu kuti ndikuweta za ufiti. Ndinawauza kuti ufiti wake ndi woti makoswe atha m'nyumba mwanga, asamukira kwanu.

Wa ku Joni:
Ndisakhale wotsutsa, koma wina anene mbali inayi. Si aliyense amene galu amamutonthoza. Ine mu May 2008, nthawi yomwe ankathamangitsa obwera kuno, anatipirikitsa usiku ndi zibonga ndi agalu. Mpaka lero galu akauwa kumbuyo kwanga miyendo imazizira, pakamwa kuuma. Wina atandipatsa galu kuti andichize ndiye wandipha. Ndiye tisatuluke pano n'kumakagawira agalu aliyense amene sakugona.

Nambewe, wa zaumoyo ku Moatize:
Mwanena zoona achimwene. Kusiyana kwake n'kwakuti mlongo wa a Nabanda sanapatsidwe galu ndi munthu, anasankhana okha. Chiweto chokakamiza sichithandiza, ndipo munthu wopsa mtima msanga akhoza kuchizunza.

Ndiwonjezere chomwe chikundidetsa nkhawa. Galu wa m'mudzi moyo wake ndi wosadalirika. Mawa agundidwa ndi njinga yamoto, kapena wina amuthirira mankhwala a makoswe chifukwa cha mazira omwewo. Mnyamatayo akakhala kuti tulo take tonse tili pa galu, tsiku limenelo adzagwa kuposa poyamba. Ndiye nthawi ino yomwe akugonako ndi yabwino kuyamba chithandizo, mutu uli wopepukirako. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa ma técnico a psiquiatria, azaumoyo oona matenda a maganizo, mu 1996 ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili nawo. Yambani kufunsa ku Ulongwe, zikafunika amatumiza kuchipatala chachikulu ku Tete. Chithandizo chomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kwambiri ndi chokambirana, pomwe munthu amathandizidwa kuyandikira zomwe anaonazo pang'onopang'ono mpaka zitasiya kumulamulira. Mankhwala alipo kwa ena, koma alembedwe ndi wachipatala. Chonde musamugulire diazepam kwa ogulitsa m'misika. Amagonetsa inde, koma vuto silichoka, munthu amazolowera, ndipo akasakaniza ndi nipa ndi ngozi.

A Katekisiti a ku Lifidzi:
Mtendere ukhale nanu nonse. Ine za galu sindikuonapo tchimo, n'cholengedwa cha Mulungu. Koma ndawerenga mauthenga onsewa ndipo aliyense akulankhula za mnyamata ndi galu. Za mayiyo ndani akuziganiza? Mayi amene anapemphera usiku ndi usana kuti mwana abwere wamoyo, wabwera, koma chomwe chikumutonthoza si iye. Mwana wanga Nabanda, usanatumize uthenga kwa atsibweni ako, afunse amayi ako chomwe chikuwapweteka. Mwina si mazira.

Dalaiva wa Zobwe:
Poti lero tikunena zoona, nanenso ndinene. Msewu wa Caphiridzange ndimadutsa tsiku lililonse. Mu November 2016 thanki ya mafuta itaphulika paja, anthu oposa 70 n'kufa, mnyamata amene ndinkayenda naye ngati kondakitala anali pomwepo, anathandiza kunyamula anthu. Kuchoka apo ntchito inamukanika. Tikaima pothira mafuta ankatsika n'kukasanza kuseri. Nyama yootcha sankafuna n'kuiona komwe, munthu wa ku Tete kuno komwe mbuzi ndiye ndiwo. Anabwerera kwawo. Bambo ake anamupatsa mbuzi zoti aziweta, tinkamuseka kuti wachoka pa chapa wapita kubusa. Ndinakamuona chaka china, ndinamupeza akuyamwitsa kamwana ka mbuzi kamasiye ndi botolo la Fanta, wanenepa, akuseka. Mbuzi zakezo sagulitsa kwa ootcha, amangogulitsa kwa oweta. Ndalama akuluza koma ndani angamuuze.

Mlangizi wa Ziweto, Angonia:
Ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Ine mbali yanga ndi ya galuyo. Ngati azigona m'chipinda ndi munthu, pali zofunika kuchita, apo ayi tichiza china n'kubweretsa china.

Choyamba katemera wa chiwewe. Galu amabayidwa kuyambira miyezi itatu, ndipo kuno timabwereza chaka ndi chaka. Funsani ku SDAE, ofesi ya boma yoonanso za ulimi ndi ziweto, kapena kwa mlangizi wa dera lanu kuti kampeni ifika liti, nthawi zambiri zimachitika chakumapeto kwa September poti pa 28 ndi tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse. Chiwewe chikangoonekera mwa munthu sichichizika, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenaka kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galu apenge. Mayi a Mapasa, mphaka nayenso amabayidwa.

Kenaka mankhwala a njoka za m'mimba, ndi a utitiri ndi nkhupakupa. Musamusambitse ndi mankhwala a fodya kapena a thonje, agalu ambiri afa nazo. Akhale ndi saka lakelake pansi, lizitulutsidwa padzuwa.

Za mazira, galu wokhuta saba kawirikawiri. Phala la madeya losakaniza ndi mitu ya kapenta limamukwana. Ndipo zisa za nkhuku zikwezeni m'mwamba, galu sakwera. Zomuika dzira lotentha m'kamwa zija musachite, mumangomuotcha n'kumusandutsa wolusa.

Sapota wa Chingale:
Katemera, mankhwala a njoka, kapenta, saka lake. Galu ameneyu akhala bwino kuposa ine.

Mayi a Mapasa, Chingodzi:
Inu mwagonetsapo ndani? 😂

Aphunzitsi a ku Tsangano:
A Sapota amanyoza nyama, koma mabomba okwirira omwe anatsala m'nthaka ya Tete yino ena anawapeza ndi abwampini. Bungwe la APOPO linkawaphunzitsa ku Morogoro ku Tanzania kununkhiza mabomba, ndipo poti ndi opepuka saphulitsa akaponda. Malipiro awo nthochi ndi mtedza. Mu September 2015 dziko lathu linalengezedwa kuti mabomba odziwika atha. Bwampini yemweyo amene ife timakumba kuti tidyere nsima.

Admin:
Aphunzitsi, za abwampini tsegulani nkhani yake ina. Tibwerere kwa a Nabanda.

Nabanda wa ku Domwe:
Ndabweranso. Zikomo nonse, ndawerenga uliwonse, wa madala a ku Furancungo ndinawerenga ndikulira pa ofesi.

A Katekisiti munalasa. Ndinawaimbira amayi usiku, sindinatchule galu, ndinangofunsa kuti inuyo mukugona bwanji. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anandiuza zomwe sanauzepo munthu. Miyezi yoyambirira ija anamva mwana akukuwa, analowa m'chipinda mumdima n'kumugwedeza paphewa. Iye anadzuka n'kuwagwira pakhosi, kuwakanikizira kukhoma, osawazindikira. Atatsitsimuka anagwada n'kulira, m'mawa mwake sanatuluke. Kuchokera tsiku limenelo amayi salowamo, iyenso sawayang'ana kumaso. Ndiye akuti, ine ndinamubereka amandikanyanga pakhosi, galu akamunyambita amamusisita. Mawu amenewo andipweteka abale.

Nambewe, wa zaumoyo ku Moatize:
Pepani achemwali. Muwauze amayi kuti amene anagwidwa pakhosi usiku umenewo si iwo, mnyamatayo anali asanabwerere m'chipindamo. Dzanja la munthu paphewa mumdima ndi chomwe thupi lake linaphunzira kuopa. Lilime la galu silifanana ndi chilichonse cha kunkhondo, n'chifukwa chake salimbana nalo. Si nkhani ya chikondi.

Munthu wotere sitimudzutsa pomugwira. Aime pachitseko, ayatse tochi kuloza pansi, amuitane dzina lake la pakhomo mofatsa, amuuze kuti uli ku Domwe, ndine mayi ako, kunja kuli bwino. Ayandikire akaona kuti maso abwerera. Ndipo zimene zinachitikazi mukazinene kuchipatala, n'zofunika kuti wothandizayo azidziwe. Mipeni ndi zikwanje zisamagone m'chipindamo.

Mdala wa ku Furancungo:
Ndi choncho. Alamu anga ankaimba nyimbo ya kutchalitchi pakhomo, achimwene n'kudzuka bwinobwino. Komanso apatseni amayiwo gawo pa galuyo. Chakudya chake aziphika iwo, mnyamata azikatenga m'manja mwawo. Anthu awiri osayang'anana amayamba kulankhula za chinthu chachitatu.

A Katekisiti a ku Lifidzi:
Ndipo a m'mphakati wawo awayendere amayiwo, osati kukafunsa za mnyamata, kukangocheza. Zonena za anthu zimachepa pakhomo pakamafika alendo.

Nabanda wa ku Domwe:
Atsibweni anapita okha ku Domwe dzulo pa njinga. Iwo ndiye mwini mbumba, amayi sangawatsutse pamaso. Agamula kuti galu sakumufuna, kwawo ali nawo kale atatu. Akhale pomwepo, azigona mkati koma pasaka pafupi ndi chitseko, osati pamphasa. Mlongo wanga amulamula kuti amange zisa zam'mwamba ndi kubweza mazira khumi. Akuti wayamba kale kudula nsungwi. Zachipatala wakana, akuti iye si wamisala. Sitinamukakamize. Atsibweni akuti amutenga okha tsiku lokabayitsa galu ku vila, akakaona kuti zili bwino adzadutsira konko.

Nambewe, wa zaumoyo ku Moatize:
Asamupusitse koma, amuuze zoona asananyamuke. Anene kuti tikaonane ndi wothandiza za tulo ndi maloto, poti n'zomwe zikumuvutadi. Akakana tsiku limenelo, mudzayesenso. Nambala yanga ndakutumizirani kumbali.

Wa ku Joni:
Madala a ku Furancungo, funso langa ndi la nkhunda. Amayi anga ali ku Zobwe, chimwalirire bambo amangokhala m'nyumba, tulo kulibe, wailesi usiku wonse. Iwonso ndi a m'gulu lanu lothawa lija, anakhala ku Mwanza zaka zambiri. Agalu safuna ngati ine ndemwe. Nkhunda zingawayanje? Zimavuta kuweta?

Mdala wa ku Furancungo:
Sizivuta, koma uwafunse kaye ngati akuzifuna, wamva zomwe anena anamwino. Akavomera, yamba ndi ziwiriziwiri, mabanja awiri. Upeze zazing'ono zomwe zangoyamba kudya zokha, zazikulu zimabwerera kwawo. Khola likhale pamwamba, mitengo yake uikulunge malata kuti amphaka ndi makoswe asakwere, khomo liyang'ane komwe amayi ako amakhala masana. Masabata oyamba zitsekeredwe, zizolowere malo. Chakudya mphale, mapira, nyemba zosweka, madzi oyera m'phale tsiku lililonse. Zimaikira mazira awiri, kufungatira mosinthana yaimuna ndi yaikazi, pasanathe masabata atatu maunda atuluka. Akuluakulu ankati nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano, ndiye ukawauzenso azilongo ako.

Mlangizi wa Ziweto, Angonia:
Ndiwonjezere kuti khola la nkhunda litalikirane ndi la nkhuku chifukwa cha chitopa. Nkhuku za pakhomopo zizilandira katemera wa m'diso uja, March, July ndi November.

Wa ku Joni:
Ndawaimbira. Poyamba akuti ndani azizithamangitsa pa ufa ukakhala padzuwa, kenaka akufunsa ngati zilipo zoyera. Ndiye kuti avomera amenewo. Ndani ali nazo pafupi?

Mayi a Mapasa, Chingodzi:
Apongozi anga ku Moatize ali nazo zambiri, zoyera ndi zamawanga. Ndiwafunsa mtengo madzulo ano.

Dalaiva wa Zobwe:
Zikapezeka ndinyamula ine Loweruka, ulendo wa m'mawa kusanatenthe. Muziike m'katoni yoboola, osati m'saka. Zikhala kutsogolo ndi ine, ulere, koma zikandiipitsira mpando a ku Joni mutumiza ya sopo pa M-Pesa.

Sapota wa Chingale:
Maunda oyamba akatuluka mundiuze, ine ndi wa ndiwo.

Wa ku Joni:
Inu musayandikire n'komwe ku Zobwe. Mayi a Mapasa, zoyera zikhale ziwiri, zinazo zilizonse.